Njinga ziwiri za batire kumbuyo kwa galimoto yogonamo: ulendo wa ku Chigwa cha Shire

Lolemba: Blantyre, Thabwa, Majete

Kuchoka ku Blantyre kufika pa Chikwawa ndi makilomita 50 kapena kupitirira pang'ono, koma pa kamtunda kameneka munthu umatsika kuchoka pa mamita oposa 1,000 kufika pa mamita pafupifupi 100. Juzi ndinavulira pa Milare. Pofika pa Thabwa n'kuti bulauzi itanyowa kumsana.

Galimoto yathu ndi Toyota Camroad yakale, ija a ku Japan amapangira anthu okonda kukagona kutchire: bedi pamwamba pa dalaivala, mbaula ya gasi, kafiriji, thanki ya madzi ndi kachimbudzi. Ubwino wake ndi woti komwe kwakudera n'komwe wafika. Kuipa kwake umakuona ukaimika, watambasula lona, wayala mphasa, mphika uli pamoto, kenako n'kupeza kuti mchere watha ndipo golosale ili makilomita 5. Uyenera kupasula mudzi wonse kuti ukagule mchere. Njinga tinazifunira zimenezo. Zakapalasa wamba tinali nazo, koma maondo a anthu opuma pa ntchito ndi dzuwa la kuchigwa kuno sizimwerana madzi, ndiye tinagula za batire.

Tinagula ziwiri zosiyana chifukwa sitinamvane. Ya bambo a Tadala ndi yapamwamba: mota ili pakati, pa mapedulo, mawilo akuluakulu a mainchi 29, mabuleki a mafuta, batire la 625 Wh (Wh ndi muyeso wa mphamvu imene batire limasunga). Yanga mota ili mu habu, pakatikati pa wilo lakumbuyo, mawilo ndi a mainchi 26, mabuleki a waya, batire la 500 Wh, ndipo felemu yake ndi yotsika, yopanda chitsulo chapamwamba, kuti ndizikwera ndi chitenje popanda kuseketsa ana a eni. Ndalama ya yawoyo ingagule zanga ziwiri n'kutsala chenji. Zonse zinabwera pa lole kuchokera ku Johannesburg, poti ndege zonyamula anthu sizilola batire la lithium loposa 160 Wh. Anasankha bwino ndani, msewu uweruza, ngakhale ine maganizo ndili nawo kale.

Bambo a Tadala anakhala makaniko wa malole moyo wawo wonse, choncho za kulemera kwa katundu sachita nazo chibwana. Yawo imalemera makilogalamu 25, yanga 23. Tikachotsa mabatire zimatsala 22 ndi 20, kuphatikiza keliyala ya makilogalamu 18, ndiye kuti kumbuyoku kuli 60. Wina angati n'zochepa pa chigalimoto chonsechi. Koma katunduyu sakhala pamwamba pa matayala, amakhala kunja, kuseri kwa bampala. Pa galimoto yathu, kuchokera pa matayala akutsogolo kufika pa akumbuyo ndi mamita 2.5, ndipo kuchokera pa akumbuyo kufika pomwe njinga zakhala ndi mamita 1.5. Anandiwerengera pa chikuto cha kope: 60 kuchulukitsa ndi 4 (2.5 kuphatikiza 1.5), kugawa ndi 2.5, yankho 96. Matayala akumbuyo akusenza 96, ndipo 36 yoonjezerayo yachoka kutsogolo komwe kuli chiwongolero. Amene anaonapo wakabaza atamanga matumba a makala kumapeto kwenikweni kwa keliyala, wilo lakutsogolo likungodumphadumpha, akudziwa chimene ndikunena. N'chifukwa chake mabatire, matcheni okiyira ndi pampu zimayenda mkati, pansi pa mpando wakutsogolo. Dzulo tinakayezanso galimoto pa sikelo ya ogula mbewu, kutsogolo padera kumbuyo padera, n'kuyerekeza ndi manambala olembedwa pa kachitsulo ka pachitseko.

Keliyalayo sitinamange pa khoma la galimoto. Makoma a magalimoto oterewa ndi opyapyala, ndipo makeliyala ambiri a pakhoma amalembedwa kuti asapitirire makilogalamu 60 ngakhale pa tala wosalala wa ku Ulaya. Amakhalanso pamwamba. Ndani angatukule makilogalamu 22 kufika m'mapewa m'mawa uliwonse? Yathu yakhala pa zitsulo zomangidwa ku chasisi, kutalika kwake m'maondo, njinga timangoikankhira pa kathabwa.

Potsika phiri anayenda giya yachiwiri, mabuleki n'kumangowagusa. Pa makhona aja ine ndinkayang'ana kamera yakumbuyo kuposa mmene ndinkayang'anira Shire ali kunsiko. Pa rodibuloko ya Thabwa wapolisi anazungulira kumbuyo, naona kuti nambala ya galimoto ndi nyali tinazisamutsira pa keliyala kuti njinga zisaziphimbe, n'kufunsa: "Madala, izi ndi zamoto kapena zakapalasa?" Bambo a Tadala anafotokoza kuti mota yake ndi ya mawati 250, imathandiza pokhapokha ukupalasa, ndipo ukafika makilomita 25 pa ola imasiya. "Ndiye ulesi wake ndi watheka," anatero mkuluyo, n'kutitsegulira njira.

Tinawoloka Kamuzu Bridge, kanyenya wa mbuzi pa Dyeratu, kudutsa pa boma, ndipo dzuwa likupendeka tinafika pa msasa wa pafupi ndi geti la Majete.

Lachiwiri: Majete ndi Kapichira

Mkati mwa Majete njinga sizilowa, ndipo palibe chodandaulira. Nkhalangoyi inali itatha nyama pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2003. Anabwezeretsamo zipembere chaka chomwecho, njovu kuyambira 2006, mikango mu 2012. Munthu wopalasa makilomita 25 pa ola m'menemo ndi ndiwo. Tinalowa m'mawa pa galimoto ya oyendetsa alendo, tinaona njovu zikutsikira ku Shire ndi mvuu zitangoti mbuu m'madzi, tinabwerera dzuwa lisanakwiye.

Chakumadzulo tinatsitsa njinga n'kupita pa manda a Richard Thornton, mnyamata wa ku England wodziwa za miyala amene anali pa ulendo wa David Livingstone, ndipo anamwalira kuno mu 1863. Mathithi a Kapichira ndi amene anaimitsa sitima ya Livingstone mu 1859. Kuyambira pamenepa kukwera kumtunda, chigawo chachitali cha Shire sichiyendeka ndi sitima chifukwa cha mathithi. Pamenepa ndi pomwenso pali makina a magetsi aja namondwe Ana anaononga mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima wa chaka chimenecho tonse tikuukumbukira. Ngalande yaikulu yothirira minda ya Shire Valley Transformation Programme imayambiranso pompano. Tinaima pamphepete pake kanthawi, bambo a Tadala akuyamikira simenti, ine ndikuyamikira mphepo.

Nkhani yeniyeni ya lero ndi kutchaja. Padenga tili ndi masola a mawati 300, amene amadzaza batire la m'nyumba, lija loyendetsa firiji ndi mafani m'galimoto, la 12V 200Ah, pafupifupi 2,500 Wh. Mabatire a njinga onse awiri akatheratu amafuna 1,125 Wh, inverter, makina osintha magetsi a batire kuti chaja igwire ntchito, imadyakonso gawo lake, tinene 1,300. Limenelo ndi theka la zonse tili nazo. Theka linalo akulimbirana ndi firiji, imene kuno sipuma, ndi mafani awiri usiku wonse. Ndiye sitidikira kuti mabatire atheretu. Timawonjezera pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndipo kudzaza kwenikweni timachita tsiku loyenda, injini ikamatchaja batire la m'nyumba.

Chovuta ndi chakuti magetsi amachuluka masana, ndipo masana omwewo ndi pamene batire la lithium silifuna kutchajidwa. Opanga ambiri amaika malire pa madigiri 40 kapena 45. Lero kathemometa ka m'galimoto kanaloza 41 nthawi ya 2 koloko, mawindo onse ali otsegula, ndipo October sanafike. Choncho dzuwa limadzaza batire la m'nyumba masana, a njinga amadikira m'kabati ya pansi penipeni komwe kumazizirirako. Tikabwera kopalasa timawasiya ola limodzi kuti apole. Kenako timatchaja panja, pa thireyi yachitsulo, ife tili maso tikudya nsima. Chaja ya 4A imadzaza batire langa lopanda kanthu m'maola anayi ndi theka, ndiye ngati nthawi yogona yakwana lisanadzaze, timazula basi, lidzamaliza mawa. Kutchaja tili m'tulo ayi, pakhomo potulukira ayi. Batire limene lagwa mwamphamvu, latupa kapena likununkha zachilendo sililowa m'galimoto. Moto wa lithium suzimitsika ndi kabotolo kofiira kaja amafunsa pa rodibuloko.

Usiku njinga timazimanga ndi tcheni ku chasisi, osati ku keliyala, poti keliyala imamasuka ndi sipanala. Mabatire ndi tiwotchi ta pa handulo toonetsa liwiro ndi batire timagona nato mkati. Alonda a pano anaseka kuti njinga yopanda batire ndi yolemera moti wakuba angaibweze yekha.

Lachitatu: Nchalo ndi Lengwe

Tinaimika galimoto pa malo ena ogona alendo pa Nchalo, n'kunyamuka pa njinga kusanatenthe kulowera ku Lengwe. Njira imadutsa m'minda ya nzimbe ya Illovo, imene akuluakulu a kuno amaitchulabe kuti Sucoma. Ino ndi nyengo yodula: fungo la nzimbe zowotcha, phulusa likuuluka, mathirakitala okoka ngolo amene muyenera kuwapatukira msanga. Dziko lake ndi lathyathyathya. Pamalo otere mota yawo yodula ndi yanga yotchipa palibe kusiyana, zonse zimasiya pa 25. Yanga imangolirako pang'ono.

Lengwe inatetezedwa kuyambira 1928, n'kukhala paki mu 1970, makamaka chifukwa cha nyala. Njinga tinasiya pa geti. Tinakhala pa kansanja kobisalirapo pafupi ndi dziwe, ndipo nyala wamphongo anabwera ndithu, wakuda, mizere yoyera m'nthiti, miyendo yachikasu. Njati zinabwera pambuyo pake n'kuvundula madzi onse.

Pobwerera, kutatsala makilomita 9 kuti tifike pa galimoto, tayala lakumbuyo la bambo a Tadala linaphwa. Matayala awo ndi opanda chubu, aja amathiramo mankhwala amadzimadzi kuti munga ukalowa bowo lizitsekeka lokha. Mankhwalawo amauma pakapita miyezi, ndipo kotentha amauma msanga. Awo anali atasanduka timibulu ta labala. Munga wa mthethe unalowa mwaufulu.

Tinakankha mpaka pa mtengo wa mango pomwe panali mnyamata wokonza njinga: beseni la madzi akuda, bokosi la masipanala, machubu akale atapachikidwa pa nthambi. Anatilonjera m'Chisena, tinayankha m'Chichewa, nkhani n'kuyenda.

"Chubu ndili nacho, madala, tiikamo basi."

Anatulutsa chubu cha njinga za kabaza, zija za mainchi 28. Kukula kwake kukanatheka mokakamiza. Koma valavu yake ndi yonenepa, pamene bowo la pa limu la bambo a Tadala anaboolera valavu yowonda ija amati Presta. Bowolo ndi la mamilimita 6.5, valavu ya kuno imafuna 8.5. Mnyamatayo anayesa, anapotoza, analisuzumira bowolo ku dzuwa, kenako n'kupisa dzanja m'bokosi n'kutulutsa tupa wozungulira.

"Ndingolikuza pang'ono, madala. Sitichedwa."

"Achimwene, tupa ameneyo mubwezere momwe mwamutenga."

Chubu choyenera chinali m'galimoto, ndiye anapita ndine. Makilomita 18 kupita ndi kubwera, dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinafika ndisanapume wefuwefu. Pamenepo ndiye ndinaikonda njinga ya batire. Koma ndikufika pamtengo paja n'kuti langa lakumbuyo likufewanso.

Ogulitsa anandichenjeza kwambiri za zimenezi. Ankati mota ya mu habu imavuta tayala likaphwa: uyenera kuzula waya wa mota, kumasula nati zikuluzikulu, kusunga mawashala mu ndondomeko yake, ndipo ukalakwitsa waononga waya. N'zoona, kwa munthu amene amachotsa wilo. Mnyamatayu sanamasule nati ngakhale imodzi. Anaigoneka njinga chammbali pa thumba, n'kutukula mbali imodzi ya tayala ndi zitsulo ziwiri zosalala, n'kusolola chubu wilo lili pomwepo. Anapopa pang'ono, n'kumachiviika m'beseni chigawo ndi chigawo mpaka thovu linatuluka. Anapala pamalopo ndi kachidutswa ka sandipepa, anapaka sulushoni ndi chala, anadikira kuti iume akucheza ndi bambo a Tadala za mpira, n'kumata chigamba chodula ku chubu chakale, n'kuchimenyamenya ndi sipanala pa kathabwa. Asanabwezere anayendetsa zala mkati mwa tayala lonse mpaka anaupeza munga, n'kundionetsa pa chikhatho. Valavu yanga ndi yofanana ndi ya galimoto, choncho pampu yake yopopera njinga zamoto inakwana.

"Iyi ndiye njinga, amayi," anatero. Bambo a Tadala anamva, sanayankhe.

Ku sitolo za ku Johannesburg njinga amaiyeza ndi mapiri amene ingakwere ndi mphamvu ya mota yake. Kuno funso ndi lina: ikafa pakati pa Nchalo ndi Ngabu, mnyamata wa pansi pa mtengo ali ndi chokonzera? Waya wa buleki ukaduka, aliyense ali nawo. Paipi ya buleki ya mafuta ikakodwa mu minga n'kuchucha, mudikira Blantyre. Chubu cha mainchi 26 chimapezeka m'misika yambiri. Cha 29 mutenge chanu, ndipo musachisiye m'galimoto.

Lachinayi: Ngabu mpaka Bangula

Lero njinga sizinatsike. Tinadutsa pa Ngabu, ng'ombe ndi mbuzi zili piringupiringu m'msewu, kenako tinapatuka pa tala kukaona mnzanga amene tinkaphunzitsa naye limodzi kale. Njira ya kwawo ndi yafumbi, yodutsa m'mitsinje youma. Pa kamtsinje kena, potuluka, keliyala inakhula pansi, chifukwa chilichonse chotulukira kumbuyo kwa matayala chimatsika pamene mutu wa galimoto ukukwera. Ina yonseyo tinaidutsa mopingasa, pang'onopang'ono, ine ndili panja ndikukodola.

Fumbi la kumbuyo kwa galimoto ndi lina. Mphepo imazungulira pamenepo n'kulikokera lonse pa njinga, moti pofika zinali zofiirira. Lona lophimba njinga yonse tinalikana: limakoka mphepo, limaphimba nyali, ndipo likamakupiza limapala penti. Timangokulunga handulo, chishalo ndi pamene pamalowa batire ndi mapepala apulasitiki, n'kumanga ndi linya. Tcheni timapukuta ndi sanza, mafuta n'kuika ochepa, poti mafuta ambiri ndi fumbi zikasakanikirana zimadya mano a magiya.

Poyendera mabawuti madzulo, bambo a Tadala anapeza nati imodzi ya keliyala itamasuka, komanso tayala la njinga yamkati litafunda mbali imodzi: paipi ya utsi imapumira pomwepo. Wowotcherera zitsulo wa pa Bangula anaipinda kuti iziloza pansi. Mnzanga uja watipatsa nkhuku yamoyo, ndipo pano ikugona pansi pa keliyala.

Lachisanu: Mtayamoyo

Madzi osefukira a 1997 anadula msewu ndi njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, ndipo kuyambira pamenepo anthu amawoloka pa Mtayamoyo ndi maboti. Galimoto yathu pamenepa ilibe mawu. Njinga ndiye zimakwera, pamodzi ndi matumba a mbatata, mbuzi, malata ndi ana a sukulu.

Mtengo wowolotsera umasiyana: munthu padera, njinga yakapalasa padera, yamoto padera. Mwini boti anayang'ana zathu n'kugamula kuti ndi zamoto. Bambo a Tadala anati zakapalasa, onani mapedulo. Anthu odikira anagawikana pawiri, mayi wina wogulitsa nsomba n'kumati, "Ilibe utsi imeneyo, musawabere agogowa." Mwini boti anaitukula yanga ndi dzanja limodzi, anaitsitsa, anaganiza, n'kutchula mtengo wapakati. Tinalipira mosatsutsa, ndi chilungamo ndithu, chifukwa amene amainyamula kutsetsereka pa gombe loterera ndi iyeyo.

Apa ndi pamene kulemera kwa njinga kumaleka kukhala nambala ya pa kope. Mabatire tinachotsa, kuwakulunga m'mapepala apulasitiki, kuwaika m'zikwama n'kuwafukata pamiyendo. Pansi pa boti pamakhala madzi ofika m'kakolo, ndipo mota za njinga izi zimapirira mvula koma osati kumizidwa. Ndinapempha kuti wilo langa lakumbuyo likhale pamwamba pa thumba la mbatata. Ya bambo a Tadala, poti mota ili pakati, anaikhazika pa thabwa lokhalira, iwo n'kuigwira ulendo wonse. Mnyamata wopalasa ankatisonyeza komwe mvuu zimakonda kutulukira. Za ng'ona sindinafunse.

Kutsidya tinatsata chitunda cha njanji yakale kulowera ku Chiromo, komwe Ruo amakumana ndi Shire, ndipo tsidya lina la Ruo ndi Mozambique. Dera lino lamenyedwa motsatizana: madzi a January 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu March 2023. Mchenga umene madziwo anasiya uli paliponse, malo ena pamene panali minda. Kumpoto kwake kuli dambo la Elephant Marsh, limene Livingstone analitcha dzinalo ataonamo njovu mazanamazana, ndipo linalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar mu 2017. Njovu mulibemo tsopano, muli asodzi, mbalame ndi nyika zimene anthu amakumba njala ikavuta.

Mumchengamo njinga ya bambo a Tadala inabweza ngongole ya Lachitatu. Matayala ake ndi otambalala, anaphwetsako mpweya, ndipo poti mota yake imakoka kudzera pa tcheni, akaika giya yopepuka imangokwawa osatopa. Yanga mota ya mu habu ilibe giya yosinthira. Liwiro likatsika imalemedwa, imafunda, imadya batire, wilo n'kumangokumba. Ndinatsika kangapo n'kumaikankha ndi kabatani kaja kamene kamaiyendetsa makilomita 6 pa ola munthu uli pansi. Pa tala batire langa limandipatsa makilomita 50 kapena 60. Lero pa makilomita 20 theka linali litapita, ndipo nditakhudza habu inali yosagwirika. Tinakhala pansi pa mlambe kuti ipole, iwo akundiyang'ana ndi diso lija la munthu amene akudikira kuyamikiridwa.

"Mayi a Tadala, simunena kanthu?"

"Ndamva, bambo. Mumchenga ndinu mfumu."

Tinawoloka kubwerera dzuwa lisanalowe. Mwini boti uja anatilipiritsa mtengo wa m'mawa womwewo popanda mkangano. Nkhuku ija tadya madzulo ano.

Loweruka: Nsanje

Kuchoka pa Bangula kudzera pa Tengani msewu ndi wabwino, mapiri ali kudzanja lamanja, Shire kumanzere, ndipo mabatire onse anadzaza tili m'njira. M'mbali muli ntchito yokonza njanji ya Marka ndi Bangula. Ku Khulubvi, ku kachisi wa Mbona, sitinapite. Kumeneko munthu sungofika ndi njinga ndi kamera osadzera kwa eni ake.

Pa boma tinaimika pa mpanda wa tchalitchi china, atatilola abusa, n'kuzungulira tauni pa njinga. Doko lija anatsegula Bingu wa Mutharika mu October 2010, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda alipo, likadali chiimire: simenti yaitali m'mphepete mwa madzi, zitsulo zomangirira sitima, koma omangirirapo ndi asodzi. Amayi amachapa chapafupi. Kumsika tinagula makakana ndi milamba yowamba, ndipo zonse zinakwana m'basiketi ya njinga yanga. Ya bambo a Tadala ilibe pomangira basiketi kapena keliyala. Anaipangira anthu othamanga m'mapiri atabereka kachikwama, osati ogula ndiwo.

Mphunzitsi wina wapano, amene akuganiza zogula yake akapuma pa ntchito, anandifunsa kuti asankhe iti. Ndinamuuza mmene ndikuonera. Ngati ndi ya kuchigwa kuno, pa tala ndi njira zolimba, atenge ya mota ya mu habu, mawilo a 26, mabuleki a waya, valavu ya galimoto, keliyala yakumbuyo yolimba. Batire likhale lochotseka ndi kiyi. Zija batire lake analitsekera m'felemu sizoyenera dziko lotentha chonchi, chifukwa njinga ikakhala padzuwa ndiye kuti batire nalo lili padzuwa, ndipo poitukula umatukula zonse. Afunse ngati batire lina ndi chaja ina zimapezeka, poti batire limafooka pakapita zaka pamene njinga ikadali yabwino. Ngati kwawo ndi kumapiri a Chididi kapena kumchenga wa ku Makhanga, ndiye ndalama ya mota yapakati si yotaya. Ndipo ngati adzainyamula pa galimoto, ayambe wayeza galimotoyo asanagule njinga, osati agule kaye n'kumafunsa pambuyo.

Bambo a Tadala anali pomwepo ndipo anatsutsa mfundo imodzi yokha, ya mabuleki. Akuti ya waya ndi yokwana pa thyathyathya, koma munthu wolemera pa njinga ya makilogalamu 25 potsika phiri la Chikwawa angaifune ya mafuta. Phirilo ine ndilibe pulani yolitsika pa njinga.

Mawa tidzuka 4 koloko kuti tikalikwere injini isanatenthe. Madzi a m'thanki titaya n'kusiyako malita 20 okha, poti thankiyo ilinso kumbuyo kwa matayala ndipo lita iliyonse ndi kilogalamu. Mabawuti a keliyala ayenderanso kale. Akuti tikafika ku Blantyre akagula mankhwala atsopano a m'matayala ndi machubu awiri a 29, ndipo akafunsa ngati malimu awo angaboole kufika mamilimita 8.5 popanda kuwafooketsa, ndi dirilo, osati ndi tupa.